Kudzisindikizira nkhani zazifupi pa intaneti: njira yomwe mlembi wa ku Mchinji angatsate

Pa Kamwendo, pa Kapiri, ku Mkanda ngakhale pa Mchinji boma pali anthu ambiri omwe akusunga makope odzaza nkhani zazifupi zomwe sizinawerengedwepo ndi wina aliyense kupatula eni ake. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi achinyamata omwe adalemba mayeso a Fomu 4 n'kungokhala pakhomo, ena ndi amayi a m'magolosale omwe amalemba ogula akachepa. Kale munthu wotere ankangodikira kuti mwina nyuzipepala ya kumapeto kwa sabata itenga nkhani yake imodzi, kapena kuti kampani yosindikiza mabuku imukumbukira, chikhalirecho maso a makampaniwo amakhala pa mabuku a sukulu poti ndiwo ali ndi msika wodalirika. Lero mlembi angathe kudzisindikizira yekha pogwiritsa ntchito foni yomwe ali nayo m'thumba, ndipo funso lomwe ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti kodi zimenezi zili ndi phindu kapena ayi. Phindu lilipo, koma kwa munthu wolemba m'Chichewa lili pafupi, m'mafoni a anthu omwe amamva chilankhulo chake, osati kutali ku misika ikuluikulu ya kunja komwe ambiri amathamangira poyamba. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo malangizo onse otsatirawa ayalidwa motsata mawu amenewo.

Yambani ndi kusankha nkhani, ndipo musafulumire kugulitsa nkhani imodzi payokha. Munthu amene watumiza ndalama n'kulandira nkhani yomwe waimaliza tiyi asanazizire amaona ngati wabetsa, ngakhale nkhaniyo ikhale yokoma chotani. Sonkhanitsani nkhani zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu zomwe zikugwirizana pa chinthu chimodzi, kaya zonse zikuchitikira pa msika umodzi, kaya zonse zikukamba za mabanja omwe bambo adapita ku Joni, kaya za moyo wa pa chipata cha Mwami pa malire a Malawi ndi Zambia, kuti wowerenga aone kuti wagula buku. Pomwe mukusankhapo, patulani nkhani imodzi kapena ziwiri zomwe mukuziona kuti ndi zakupsa kuposa zonse, muzisunge kaye. Chifukwa chake n'chakuti mipikisano ikuluikulu ili ndi malamulo ake pa nkhani ya kusindikiza. Mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize, womwe salipiritsa polowa ndipo umalandira nkhani za mawu 2,000 mpaka 5,000 kuphatikizapo zomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera ku zilankhulo zina, umafuna nkhani yomwe sinasindikizidwepo, pomwe Caine Prize salandira nkhani yomwe mlembi wadzisindikizira yekha. Nkhani mukangoigulitsa ngati buku, zitseko ziwirizi mwazitseka nokha.

Chachiwiri ndi kuchotsa nkhanizo m'kope n'kuziika m'foni kapena m'kompyuta. Ambiri kuno tilibe kompyuta, ndipo ine buku langa loyamba ndidalitayipa lonse ndi zala ziwiri pa foni yokhala ndi galasi losweka pakona, usiku, foniyo nditaitchaja ku sola ya anansi. Zimatheka, koma musalembere mu WhatsApp kapena m'kabuku ka manotsi ka m'foni. Tsegulani akaunti ya Gmail, muike pulogalamu ya Google Docs, yomwe ndi yaulere, imalola kulemba ngakhale mulibe bandulo, ndipo mukangotsegula intaneti imasunga zomwe mwalemba kunja kwa foniyo. Foni imabedwa mu minibasi, imagwera m'madzi, imafa yokha, ndipo ntchito ya chaka chathunthu siyoyenera kufera limodzi nayo. Pasiwedi ya akauntiyo muilembe pa pepala, muisunge pomwe mumasunga chiphaso cha unzika.

Gawo lachitatu ndi lomwe olemba odzisindikizira amalidumpha, ndipo ndi lomwe likuchititsa kuti ena azinyoza mabuku a pafoni. Kukampani kumakhala mkonzi, koma mukamadzisindikizira nokha mkonziyo muyenera kumufuna nokha, poti mutu umodzi susenza denga. Pezani anthu awiri osiyana. Woyamba akhale mphunzitsi wa Chichewa wa ku sekondale kapena wina aliyense wodziwa bwino malamulo a kalembedwe, aone mipumiro, mipatuliro ndi mitengero ya mawu a anthu olankhula, aonenso ngati mwaika "r" pambuyo pa "i" ndi "e" monga mu "mbiri" ndi "kubwera", ndi "l" m'malo enawo monga mu "kulima" ndi "mvula". Aone ngati "ng'oma" simunailembe "ngoma", chifukwa imodzi imaimbidwa pagule pomwe inayo ndi nyama ya kutchire. Zikakuvutani nonse, bungwe lomwe limayang'anira za kalembedwe ndi Centre for Language Studies la ku Zomba, lomwe lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ndipo malamulo omwe amaphunzitsidwa m'sukulu ndiwo muyenera kutsata. Munthu wachiwiri asakhale katswiri ayi, akhale wowerenga wamba wosakuopani, ndipo mum'pemphe chinthu chimodzi chokha, kuti akuonetseni pomwe adayamba kutopa. Kenako muwerenge nokha nkhani iliyonse mokweza. Paliponse pomwe lilime lakodwa, kapena pomwe gogo wa m'nkhaniyo akulankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi, pakonzeni. Ngati anthu awiriwa akuthandizani ndi mtima wonse, apatseni kangachepe, mutchulenso mayina awo m'buku ngati avomera.

Tsopano konzani bukulo kuti likhale fayilo. Owerenga athu ambiri adzaliwerengera pa foni yaing'ono, choncho musaike tsamba lalikulu la A4 lomwe limachititsa munthu kumakoka mawu uku ndi uku ndi chala. Sankhani tsamba la A5, zilembo zikhale zazikulupo, ndime zikhale zotalikirana pang'ono, nkhani iliyonse iyambire pa tsamba lake. Tsamba loyamba likhale ndi mutu wa buku ndi dzina lanu, lachiwiri likhale ndi chaka, mawu onena kuti umwini ndi wanu, komanso nambala yomwe anthu angakupezereni. Mukatero lisungeni ngati PDF, chifukwa pafupifupi foni iliyonse yamakono imatsegula PDF popanda kuika pulogalamu ina. Mtundu wina wotchedwa EPUB, womwe mawu ake amadzikonza okha molingana ndi kukula kwa foni, mudzaufuna pokagulitsa kunja, ndipo pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa Calibre imasandutsa fayilo kukhala mtundu umenewu. Musadzaze zithunzi m'kati mwa buku, chifukwa fayilo ikalemera imadya bandulo ya wogula, ndipo kumidzi komwe netiweki imavuta imakanika n'kutsika komwe.

Chikuto chikhale chosavuta. Pulogalamu ya Canva ili ndi gawo laulere lokwanira ntchitoyi, koma musatenge chithunzi cha munthu pa intaneti, chifukwa chili ndi mwini wake monga momwe nkhani zanu zilili ndi mwini. Jambulani nokha njinga ya kabaza itatsamira mtengo wa mango, kapena mtedza uli padzuwa, mulembe mutu ndi zilembo zomwe zikuwerengeka ngakhale chithunzicho chitachepa ngati chikhadabo, poti ndi momwe chidzaonekere pa foni za anthu.

Apa ndiye pagona nkhani. Buku lilipo, koma owerenga mulibe, ndipo owerenga sabwera chifukwa chakuti mwalengeza tsiku limodzi kuti buku latuluka. Miyezi iwiri kapena itatu bukulo lisanatuluke, yambani kupereka nkhani zina mwaulere, zomwe sizili m'bukumo kapena imodzi yokha ya m'bukumo, pa tsamba lanu la Facebook ndi pa WhatsApp. Igaweni nkhaniyo m'zigawo zitatu kapena zinayi, muziika chigawo chimodzi pa tsiku ndi nthawi yodziwika, mwachitsanzo Lachitatu ndi Loweruka madzulo anthu atadya, ndipo musaphonye, chifukwa wowerenga amene wabwera kawiri n'kupeza palibe kanthu sabweranso. Chigawo chilichonse chithere pomwe munthu akufunitsitsa kudziwa chotsatira, monga momwe agogo ankadukizira nthano kuti mawa tibwerenso. Pa WhatsApp pali njira zitatu zomwe muyenera kuzisiyanitsa. Gulu limatenga anthu mpaka 1,024, koma aliyense amaona nambala za anzake ndipo likapanda malamulo limadzaza ndi malonda a anthu ena, choncho litsekeni kuti muzilemba ndinu nokha, n'kumalitsegula tsiku limodzi lokambirana. Mndandanda wotumizira uthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi umatenga anthu 256, ndipo uthengawo umafika kwa okhawo omwe adasunga nambala yanu, ndiye muziwapempha anthu kuti aisunge. Njira yachitatu ndi WhatsApp Channel, yomwe idayamba mu 2023, yomwe ilibe vuto la phokoso koma simudziwa nambala za omwe akukutsatani. Ine ndimakonda ziwiri zoyambazo pa chifukwa chimenechi: ndimafuna kudziwa owerenga anga mmodzimmodzi, ndi kukhala ndi njira yowafikira yomwe siyidalira chifundo cha kampani iliyonse.

Mawu amenewa sindikuwanena mwamantha chabe. Kampani ya ku Nigeria ya OkadaBooks, yomwe kwa zaka khumi idathandiza olemba a mu Africa kugulitsa mabuku a pafoni, idatseka mu 2023. Amazon yeniyeniyo, kampani yaikulu ya ku America yogulitsa mabuku ndi katundu wina pa intaneti, idayambitsa Kindle Vella mu 2021 yogulitsirapo nkhani m'zigawozigawo, ndipo mu 2025 idaitseka. Olemba omwe owerenga awo ankawapeza pa malo amenewo okha adayenera kuyambiranso. Choncho gulani kope la chikuto cholimba, muzilembamo dzina, nambala, dera, tsiku ndi buku lomwe munthu aliyense wagula, mutam'pempha chilolezo choti mudzam'dziwitse buku lina likadzatuluka. Nambalazo musazipereke kwa wina aliyense.

Za mtengo, musatengere mabuku a m'sitolo, chifukwa inu simunalipire pepala kapena thiransipoti, ndipo wogula akudziwa zimenezo. Yang'anani ndalama yomwe munthu wa kwanuko amatulutsa osaganiza kawiri, monga ya bandulo ya tsiku limodzi kapena ya botolo la zoziziritsa kukhosi, muike mtengo wanu pafupi ndi pamenepo. Mtengowo musaulembe m'kati mwa buku kapena pa chikuto, poti kwacha imasintha mphamvu, monga tidaonera mu November 2023 pomwe idatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Nthawi yotulutsira buku nayonso muiganizire. Kuno ku Mchinji ndalama zimayenda anthu akagulitsa soya, mtedza ndi fodya, komanso kumapeto kwa mwezi apantchito akalandira, pomwe mu January ndi February, feteleza ndi fizi zitawatha anthu, ngakhale wokukondani amangoyamikira osagula.

Polandira ndalama khalani ndi nambala zonse ziwiri, ya Airtel Money ndi ya TNM Mpamba, zolembetsedwa m'dzina lomwe lili pa chikuto, chifukwa munthu akamatumiza amaona dzina, ndipo akaona lachilendo amabwerera. Ngati mumalemba ndi dzina lina, nenani poyera dzina lomwe lituluke. Musatumize buku chifukwa cha chithunzi cha uthenga chomwe wogula wakutumizirani, popeza zithunzi zotere anthu ena amazipeka. Onani kaye mu akaunti yanu kuti ndalama yalowadi. Ikalowa tumizani bukulo nthawi yomweyo, ndipo ngati muli kumunda kapena m'kalasi, nenani pa tsamba lanu maola omwe mumayankha. Musamathamangire kwa ejenti kukatapa ndalama ya buku lililonse, chifukwa zolipira potapa zidzakutherani phindu. Dikirani zichuluke.

Vuto lomwe lidzakupwetekeni mtima ndi la kugawana fayilo. Patatha sabata ziwiri buku langa litatuluka, mnzanga wina adandionetsa foni yake tili pa depoti, ndipo bukulo linali m'gulu lina la anthu mazanamazana, wina atalembapo kuti "werengani izi n'zokoma", osadziwa kuti akundilanda chakudya. Palibe loko yemwe angatseke PDF kotheratu, koma pali zomwe zimachepetsa. Wogula aliyense mum'konzere fayilo yake yokhala ndi dzina lake m'munsi mwa masamba, ntchito ya mphindi zochepa yomwe imachititsa munthu manyazi kugawa chinthu cholembedwa dzina lake. Kumapeto kwa buku lembani mwaulemu kuti amene walandira bukuli kwa mnzake ndipo lam'sangalatsa atumize kangachepe ku nambala yakuti, muikenso mutu wa buku lotsatira, kuti fayilo ikayenda popanda chilolezo izikuitanirani owerenga atsopano. Kumbali ya malamulo, umwini wa ntchito yanu umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe loona za umwini ndi COSOMA, lomwe ndi la olemba mabuku omwe, osati oimba okha monga ambiri amaganizira. Kalembetseni kumeneko, mulowenso m'bungwe la olemba la Malawi Writers Union kuti mudziwane ndi anzanu. Buku la PDF logulitsa pa WhatsApp silifuna nambala yozindikiritsa buku yotchedwa ISBN, koma tsiku lomwe mudzafune kulisindikiza pa pepala kuti lilowe m'sitolo ndi m'malaibulale, nambalayo imaperekedwa ndi National Archives of Malawi ku Zomba.

Ife a ku Mchinji tili ndi mwayi womwe anzathu a maboma ena alibe, ndipo sitiuona chifukwa tidauzolowera. Kungodutsa pa Mwami muli ku Chipata, ndipo anthu ambiri a m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia amalankhula ndi kuwerenga Chinyanja. Mwezi wa August uliwonse Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, ndipo magulu a pa intaneti omwe anthu amenewa amachezeramo ndi malo oyenera kudziwitsamo nkhani zanu, mutapempha kaye kwa oyang'anira gulu. Palinso abale athu omwe ali ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban. Iwowa ndiwo amagula mosavuta, chifukwa nkhani yotchula Kamwendo ndi mtsinje wa Bua imawakumbutsa kumudzi, ndipo ndalama ya buku kwa iwo ndi yochepa. Vuto lawo ndi la kutumiza, poti palibe angapite ku Mukuru chifukwa cha kabuku kamodzi. Auzeni kuti m'bale wawo wa kuno akulipireni pa foni, kapena agulire limodzi anthu asanu, kapena alipiriretu mabuku atatu nthawi imodzi.

Tsopano tifike ku Amazon, komwe ambiri amafuna kuyambira. Njira yake yodzisindikizira, Kindle Direct Publishing (KDP), idayamba mu 2007 ndipo kuikako buku n'kwaulere, koma pali zinthu zomwe muyenera kuzidziwa musanataye bandulo yanu. Choyamba, pa mndandanda wa zilankhulo zomwe amalandira, Chichewa palibe, choncho khomo limeneli ndi la nkhani zomwe mwalemba kapena kumasulira m'Chingerezi. Chachiwiri ndi masamu ake. Buku la mtengo wa pakati pa $2.99 ndi $9.99 limapatsa mlembi 70 peresenti likagulidwa m'maiko omwe Amazon idawasankha, monga America ndi Britain, koma la mtengo wochepera $2.99 limapatsa 35 peresenti yokha. Nkhani imodzi yaifupi n'kovuta kuigulitsa kuposa $0.99, ndiye gawo lanu ndi masenti pafupifupi 35. Pamwamba pa izo, dziko la Malawi lilibe pangano la misonkho ndi America, choncho pa mabuku ogulidwa kumeneko amadula msonkho wa 30 peresenti, n'kutsala masenti 24. Nkhani zomwezo mukazisonkhanitsa n'kugulitsa pa $2.99, mumatsala ndi ndalama yoposa dola imodzi ndi masenti 40 pa buku lililonse, kutanthauza kuti buku limodzi lotere likuposa nkhani zisanu zogulitsidwa payekhapayekha. Ndalamazo zimabwera patatha masiku pafupifupi 60 mwezi womwe mwagulitsa utatha, ndipo komwe Amazon siyiika ndalama mwachindunji m'banki imadikira kuti zikwane $100, n'chifukwa chake olemba ambiri a mu Africa amalandirira kudzera ku Payoneer, kampani ya pa intaneti yolandirira ndalama zochokera kunja. Mukamalembetsa adzakufunsani za msonkho, ndipo muyankhe zoona, ndi dzina lomwe lili pa chiphaso chanu.

Chenjerani ndi kabokosi kolembedwa KDP Select. Mukachongamo, buku lanu limalowa mu Kindle Unlimited, laibulale ya pa intaneti ya Amazon, momwe mlembi amalipidwa potengera masamba omwe awerengedwa, koma mumakhala mwalonjeza kuti kwa masiku 90 simugulitsa bukulo pa intaneti kwina kulikonse, kuphatikizapo pa WhatsApp panu pomwe. Kwa wolemba nkhani zazifupi masamba ndi ochepa, ndiye malipiro ake ndi ochepanso, ndipo sindikuona chifukwa chodzimangira manja. Ngati mukufuna kufika ku masitolo ena a mabuku a pa intaneti monga Apple Books ndi Kobo popanda kulembetsa kulikonse panokha, kampani ya Draft2Digital imagawa bukulo n'kutengapo pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wake. Wattpad ndi malo a pa intaneti oikapo nkhani ndi opezerapo owerenga achinyamata, koma musapiteko mukuyembekezera ndalama. Ndipo wina aliyense wokuuzani kuti mum'patse ndalama zambiri kuti akuikireni buku pa Amazon mu akaunti yake, m'kaneni, chifukwa ndalama za bukulo zizidzapita kwa iye.

Buku loyamba likatuluka, tsegulani kope lanu lija pakatha miyezi itatu, muwerenge anthu omwe agula, madera omwe akuchokera ndi nkhani yomwe atchula kwambiri pokuyankhani. Mukapeza kuti ogula ambiri ndi amayi a ku Joni ndipo onse akukamba za nkhani ya apongozi, mwadziwa pomwe buku lachiwiri liyenera kutsamira. Pa ndalama zomwe zalowa chotsani ya bandulo, ya okonza aja ndi ya ejenti, yotsalayo muisungire buku lotsatira, kapena musindikizire makope ochepa pa pepala oti mukaonetse aphunzitsi a Chichewa m'sukulu za m'boma lino. Kenako sankhani tsiku lotulutsira buku lachiwiri, makamaka m'miyezi yokolola, mulilembe pa tsamba loyamba la kopelo, ndipo sabata imodzi tsikulo lisanakwane mutumize uthenga kwa aliyense amene dzina lake lili m'menemo.